Sadio Mané: tidzamukumbukira ndi jezi iti, ya Liverpool kapena ya Senegal?

Wakumbali11
Abale anga, chichokereni Lachiwiri lija, pa 15 Okutobala 2024, Sadio Mané anatichinya ku Bingu, dzina lake silikuchoka m'mutu mwanga. Flames inalimba mphindi 90 zonse, pointi tinali titaiona kale, kenako m'mphindi yachisanu ndi chimodzi yoonjezera munthuyu n'kuika mpira pansi, kumenya fulikiki, basi Senegal yapita ku AFCON ya ku Morocco. Zinawawa, koma za Flames tinakambirana kale.

Funso langa ndi ili: akadzasiya mpira, Mané tidzamukumbukira ndi jezi iti? Ambiri pano mukamva dzina lake mumaona jezi yofiira ya Liverpool. Ine ndikuti Mané weniweni ndi wa Senegal. Ku Liverpool anali mmodzi mwa atatu, Salah uku, Firmino pakati, iye uku. Tsiku limene sanadzuke bwino, anzake awiriwo ankagwira ntchito. Ku Senegal kunalibe kothawira. Dziko limene linabala El Hadji Diouf, Khalilou Fadiga, Henri Camara ndi Papa Bouba Diop, limene linagonjetsa France pa World Cup ya 2002, linali lisanagwirepo chikho cha Africa mpaka pa 6 Febuluwale 2022. Amene anamenya penate yomaliza tsiku limenelo ndi iyeyu. Ndimvereni maganizo anu.

Madala_Kop
Achimwene, mwayamba bwino koma nkhani ya Liverpool mwaichepsa. Mukunena za atatu aja ngati anafika tsiku limodzi. Mané anabwera mu Juni 2016, Salah adakali ku Roma, timu itamaliza ligi pa nambala 8. Mphunzitsi Klopp anapereka mapaundi 34 miliyoni kwa Southampton, ndalama imene wosewera wa mu Africa anali asanagulidwepo, ndipo ambiri ankati wataya ndalama. Masewero ake oyamba, ndi Arsenal ku Emirates, anatenga mpira kumanja, n'kudutsa pakati pa Monreal ndi Chambers, n'kuuika pakona ya m'mwamba ndi mwendo wamanzere, kenako n'kuthamanga kukakwera Klopp kumsana. Tinapambana 4-3. Tsiku limenelo ndi limene ife akale tinadziwa kuti zinthu zayamba kusintha.

Mukuti kunali kothawira? Mu Januwale 2017 iye anapita ku AFCON ku Gabon. Iye kulibe, tinagonja pa Anfield katatu motsatizana, kwa Swansea, Southampton ndi Wolves, zikho ziwiri n'kutipulumuka. Wachitsa zigoli 120 m'masewero 269, watenga Champions League ya 2019 ndi ligi ya 2020 imene tinaidikira zaka 30. Munthu wotere simungamuvule jezi yofiira.

Gunner_wa_Henry
Ine ndimamulemekeza, koma pano mumamukweza mopitirira. Tikamanena za osewera m'mbali a mu Africa a m'nyengo imeneyi, Salah ali pamwamba pa zigoli, ndipo Mahrez ali pamwamba pa luso. Mahrez anatenga ligi ndi Leicester mu 2016, osewera anzake n'kumusankha kukhala katswiri wa chaka, anatenga AFCON ya 2019 pamaso pa Mané yemweyo, ndipo mu 2023 anatenga Champions League ndi Man City. Fulikiki imene anachinya Nigeria m'mphindi yomaliza ya semifainolo ku Cairo mwaiiwala?

Komanso tiyeni tinene za mapenate. Ku AFCON ya 2017 Mané anaphonya ndi Cameroon, Senegal n'kutuluka. Mu 2019 anaphonya ndi Kenya, anaphonyanso ndi Uganda. Fainolo ya 2022 imene mukuitamayo anaphonya masewero atangoyamba. Fainolo ya FA Cup chaka chomwecho anaphonyanso, Mendy, goloboyi wa Chelsea amenenso ndi wa Senegal, anagwira, Tsimikas ndi amene anamupulumutsa.

NaBanda_Teranga
A Gunner, mndandanda mwalembawo ndi womwe ine ndimamukondera. Taganizani bwino. Munthu waphonya ku Franceville mu 2017, wagwa pansi akulira mpaka anzake kuchita kumudzutsa. Waphonyanso kawiri mu 2019, fainolo n'kugonja 1-0 kwa Algeria ndi chigoli cha Bounedjah cha mphindi yachiwiri, mpira utagunda mwendo wa Salif Sané n'kuwuluka pamwamba pa goloboyi. Ndiye afika fainolo ina pa bwalo la Olembe ku Yaoundé, Saliou Ciss agwetsedwa mu bokosi, woyimbira aloza pa penate. Salah, mnzake wa ku Liverpool, apita kukanong'oneza goloboyi wake Gabaski. Mané amenya mwamphamvu, Gabaski abweza. Mphindi 7 zokha.

Wina akanazimiririka masewero onsewo. Iye anapitiriza kuwazunza otchinga kumbuyo a Egypt mpaka mphindi 120 zinatha popanda chigoli. Pofika pa mapenate, Koulibaly anachinya, Abdou Diallo anachinya, Bouna Sarr anaphonya, Bamba Dieng anachinya. Kwa Egypt, Abdelmonem anagunda chitsulo, wa Lasheen n'kugwidwa ndi Mendy. Wachisanu wa Senegal anali ndani? Yemwe uja waphonya kale usiku womwewo, goloboyi yemweyo ali patsogolo pake. Ine ndinkayang'ana nkhope yake pamene ankabwerera m'mbuyo kutenga liwiro, sanayang'ane kumbali ngakhale pang'ono. Anaumenya pansi, pakona, Gabaski anagwera komweko koma sanaufikire. Salah sanamenyenso n'komwe, zinali zitatha, 4-2.

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene saphonya penate za dziko lake nthawi zambiri ndi amene sapita kukamenya.

Wakumbali11
Chemwali mwandilankhulira. Onjezaninso kuti mphunzitsi Aliou Cissé nayenso anaphonya penate pa fainolo ya 2002 ndi Cameroon ali kaputeni. Anthu awiri ophonya ndi amene anabweretsa chikho ku Dakar. Patangotha masabata ochepa, pa 29 Malichi, anakumananso ndi Egypt polimbirana malo a World Cup, bwalo la Abdoulaye Wade litadzaza, mapenate kachiwiri, Salah n'kuponya kumwamba, Mané n'kutsekanso nkhani.

Gunner_wa_Henry
Tsiku limenelo masapota a Senegal ankawalitsa malezala kumaso kwa Salah, nkhope yonse yobiriwira. Zimenezo sizinali zachilungamo, ndipo FIFA inawalipiritsa. Tisamazibise.

NaBanda_Teranga
Palibe akubisa achimwene, zinali zoipa ndithu. Koma malezala sanagwire ndi Mané.

Kochi_wa_Ana
Ndilowepo ine amene ndimaphunzitsa ana mpira. Mukamakangana za zikho mumasiya chinthu chimene chinamupanga Mané kukhala wosiyana ndi anzake. Wosewera m'mbali wakale ntchito yake inali kuthamanga pamzere, kudyetsa njomba wotchinga kumbuyo, n'kuponya krosi. Mané sanali wotero. Chaka choyamba ku Liverpool ankasewera kumanja. Salah atabwera mu 2017 anamusamutsira kumanzere, ndipo popeza mwendo wake wamphamvu ndi wakumanja, ankachoka pamzere n'kulowa mkati molunjika golo. Firmino ankatsika kudzatenga mpira pakati, n'kukoka wotchinga mmodzi, mpata umene watsala Mané n'kulowamo. Mzere wonse wakumanzere ankasiyira Robertson.

Chimene ndimawaonetsa ana anga kwambiri ndi zimene amachita timu ikataya mpira. Sayima manja m'chiuno. Amathamangira amene watenga mpirayo mokhota, motseka njira yopatsira mnzake, ndiye wotchinga kumbuyo amasowa kolowera n'kungoutaya. Zimenezi anaziphunzira ku Red Bull Salzburg pansi pa Roger Schmidt, kumene timu yonse inkasewera choncho. Mu Januwale 2014 Salzburg inachinya Bayern ya Guardiola 3-0 pa masewero apaubale, Mané n'kuchinya, mwezi wotsatira inatulutsa Ajax mu Europa League itapambana kwawo ndi kwa eni ake komwe. Klopp anamuona nthawi imeneyo ali ku Dortmund, anakumana naye koma sanamugule, ndipo pambuyo pake anavomera yekha kuti analakwitsa.

A Gunner, pa nkhani ya zigoli kumbukirani ichi: zigoli zake 111 za mu Premier League, 21 ku Southampton ndi 90 ku Liverpool, mulibe penate ngakhale imodzi. Nyengo ya 2018/19 anagawana nsapato yagolide ndi Salah ndi Aubameyang, aliyense zigoli 22, koma anzakewo anawerengerako mapenate. Ndipo munthu wamfupi choncho, taonani zigoli zake za mutu.

Madala_Kop
A Kochi mwandikumbutsa cha ku Villa Park mu Novembala 2019. Tinali kumbuyo 1-0 mpaka mphindi 87, Mané n'kuponya krosi, Robertson n'kubweza. Mphindi 94 kona ya Trent, Mané anaweramira mpira pamalo pamene ena akanaopa nsapato, n'kuupotoza ndi mutu kupita pakona yakutali. Masewero ngati amenewo ndi amene anatipatsa ligi.

Koma chimene sindidzaiwala ndi cha ku Munich, ndi Bayern pa Champions League, mu Malichi 2019. Van Dijk anaponya mpira wautali kuchokera kumbuyo. Mané anali ndi Rafinha pamsana, mpira ukugwa kuchokera kumwamba, iye n'kuukhazika pansi ndi kukhudza kumodzi. Neuer anatuluka mothamanga poganiza kuti amutsekera. Mané anatembenuka pamalo pomwepo, Neuer n'kupitirira, ndiye ndi mwendo wamanzere anaukweza pang'ono pamwamba pa otchinga amene ankathamangira kugolo. Kukhudza katatu kokha. Tinapambana 3-1, iye n'kuchinyanso lachitatu ndi mutu. Ku fainolo ku Madrid ndi Tottenham, masekondi osakwana 30, mpira wake ndi umene unagunda mkono wa Sissoko, penate, Salah n'kuchinya. Chaka cham'mbuyo ku Kyiv, Salah atatuluka ndi phewa, amene anabweza chigoli kwa Real Madrid anali Mané, munthu woyamba wa ku Senegal kuchinya pa fainolo ya Champions League.

Saints_mpaka_kale
Nonse mukulumpha Southampton ngati anangodutsapo. Pa 16 Meyi 2015 anachinya Aston Villa zigoli zitatu m'mphindi 2 ndi masekondi 56, Shay Given ali pagolo. Robbie Fowler anali atachita zimenezi m'mphindi 4 ndi masekondi 33 mu 1994, ndipo anthu ankati sadzapezeka womuposa. Mpaka lero palibe wafika pa Mané. Chaka chotsatira anachinya Liverpool ziwiri, titachokera kumbuyo 2-0 n'kupambana 3-2, kenako Man City zitatu. Madala, inu munamugula chifukwa anakupwetekani.

Madala_Kop
Zoona zimenezo, sinditsutsa. Anabwera atapsa kale, ndipo Koeman, mphunzitsi wake ku Southampton, ayamikidwe.

Gunner_wa_Henry
Koeman yemweyo anamuika pa benchi mu 2015 chifukwa chofika mochedwa. Ku Salzburg nakonso anachoka moipa, anasiya kubwera ku zokonzekera timu ili pafupi kukumana ndi Malmö polimbirana Champions League, Salzburg n'kutuluka. Ku Burnley mu 2019 anakalipa pa benchi dziko lonse likuona chifukwa Salah sanamupatsire mpira. Ku Bayern anamenya Leroy Sané pakamwa atagonja 3-0 kwa Man City, timu n'kumuimitsa masewero amodzi ndi kumulipiritsa. Ndikungofuna kuti tisamuone ngati mngelo chifukwa choti amamwetulira.

NaBanda_Teranga
Za Sané analakwa, palibe chomuikira kumbuyo. Dzanja silikweza pa mnzako, kaya wakuuza chiyani. Koma za ku Burnley ine ndinamumvetsa. Anali yekhayekha pamalo oti angokankhira mu ukonde, mnzake n'kusankha kumenya yekha. Munthu amene amathamangira anzake masewero onse ali ndi ufulu wokwiya tsiku limene anzake sakumuona.

Mnyamata_wa_Bayern
Popeza mwatitchula, ndinene mbali yathu. Mané ku Bayern sizinayende, ndipo sindikhulupirira kuti vuto linali iye yekha. Tinamugula mu Juni 2022 pa mayuro 32 miliyoni, mwezi wotsatira Lewandowski n'kupita ku Barcelona. Atsogoleri sanagule nambala 9 wina, ndiye Nagelsmann anayamba kumuika Mané pakati. M'mbali tinali kale ndi Coman, Sané ndi Gnabry. Anayamba bwino, anachinya Leipzig pa Super Cup, anachinya Frankfurt pa 6-1, koma kenako zigoli zake zambiri zinkakanidwa chifukwa cha ofusayidi. Kathamangidwe kamene Firmino ndi Robertson ankakadziwa pamtima, anzake atsopano ankachedwa nako kumupatsira.

Pa 8 Novembala ndi Werder Bremen anavulala mwendo, anamupanga opaleshoni, anabwerera kumapeto kwa Febuluwale asalinso Mané uja. Mu Malichi Nagelsmann anachotsedwa, Tuchel analibe naye chidwi. Zigoli 12 m'masewero 38, mendulo ya Bundesliga, basi ulendo wa ku Al-Nassr. Chaka chimodzi chokha.

Madala_Kop
N'chifukwa chake mpaka lero ndimati sakanachoka. Luis Díaz atabwera mu Januwale 2022, Klopp anamusunthira Mané pakati ndipo zinayenda. Anachinya Man City ziwiri pa semifainolo ya FA Cup ku Wembley, chimodzi atamulanda goloboyi Steffen mpira pamzere weniweni wa golo. Pa fainolo ya Champions League ku Paris, goloboyi wa Real Madrid Courtois akanapanda kuukhudza mpira wake uja n'kugunda chitsulo, bwenzi tikunena zina. Akanakhala chaka china kapena ziwiri.

Wakumbali11
Madala, anali ndi zaka 30, kontrakiti itatsala chaka chimodzi, ndipo ku England anali atatenga chilichonse chimene chimatengedwa. Ine sindimuimba mlandu pofuna kuona kwina. Chimene chimandiwawa pa nkhani ya Bayern ndi World Cup ya ku Qatar. Wavulala kutatsala masiku osakwana 14, chaka chimene anali wachiwiri pa Ballon d'Or kumbuyo kwa Benzema, chaka chimene anali katswiri wa Africa kachiwiri. Cissé anamulembabe pa mndandanda poyembekeza kuti achira, mpaka madokotala ananena kuti sizitheka. Senegal inadutsa m'gulu popanda iye, koma itakumana ndi England inagonja 3-0, ndipo chigawo choyamba inapeza mipata imene Mané sakanaisiya.

Mukayang'ana bwino, World Cup sinamukomerepo. Mu 2018 ku Russia anagonjetsa Poland 2-1, anafanana mphamvu ndi Japan 2-2 iye atachinya, n'kugonja 1-0 kwa Colombia. Mapointi, zigoli, zonse zofanana ndi Japan, n'kutuluka chifukwa cha makadi achikasu, 6 kwa 4. Pa masewero a Colombia woyimbira anapereka penate Davinson Sánchez atamugwetsa Mané, VAR n'kuifafaniza.

Flames_Moto
Mwatchula VAR, ndiye mundilole. Senegal imene mukuitamayo inapulumukira pa VAR kwa ife ku Bafoussam pa 18 Januwale 2022. Gomezgani Chirwa analowa mu bokosi, Bouna Sarr n'kumukoka, woyimbira analoza pa penate, atapita kukaona pa kanema n'kusintha maganizo. Masewero anatha 0-0, Charles Thomu ali pagolo, ndipo Mané tsiku limenelo anyamata athu anamutseka. M'gulu lonse lija Senegal inachinya chigoli chimodzi chokha, penate ya Mané ya mphindi 97 ndi Zimbabwe. Ndi Guinea 0-0, ndi ife 0-0. Chigoli chimodzi n'kukhala pamwamba pa gulu!

Wakumbali11
Achimwene, penate ija inali yathu, ndimavomereza mpaka lero. Koma mwandithandizanso. Timu imene inayamba mpikisano osewera ena akudwala Covid, Mendy ndi Koulibaly kulibe pa masewero oyamba, chigoli chokhacho chimene inapeza m'gulu anachinya ndani? Ndi Cape Verde anatsegula ndani? Semifainolo ndi Burkina Faso, anapatsira chachiwiri n'kuchinya chachitatu ndani?

Kochi_wa_Ana
Za Cape Verde sindimazikumbukira mokondwa. Anagundana mutu ndi goloboyi Vozinha, n'kugwa chagada mutu n'kumenyanso pansi. Aliyense ankaona kuti munthuyu sali bwino. Anamusiya m'bwalo, anachinya chigoli chokongola, patangopita mphindi zochepa n'kukhala pansi atagwira mutu, mpaka kupita naye kuchipatala. Anthu anamutama kuti ndi wolimba mtima, koma udindo womutulutsa unali wa madokotala ndi benchi, osati wa iye. Wosewera akagunda mutu sangadziweruze yekha, nthawi zonse amati ndili bwino. Ine mwana akagunda mutu pa masewero athu amatuluka, kaya tikugonja, kaya makolo akwiya. Chikho chija chinabwera, inde, koma tsiku limenelo anaika moyo wa munthu pachiswe.

NaBanda_Teranga
Apo a Kochi ndagwirizana nanu kwathunthu.

Ndionjezepo za kumene anachokera, chifukwa kwa ine zimafotokoza chifukwa chimene jezi ya Senegal amaivalira choncho. Anabadwa pa 10 Epulo 1992, n'kukulira m'mudzi wa Bambali ku Sédhiou, chigawo cha Casamance, kutali ndi Dakar. Bambo ake anali imamu, anamwalira iye ali ndi zaka 7, kumudziko kulibe chipatala. Abale ankafuna sukulu, iye n'kuthawa kwawo kupita ku Dakar kukayesa mpira. Sukulu ya mpira ya Génération Foot inamutenga, ndipo chifukwa cha ubale wa sukuluyo ndi timu ya Metz anapita ku France mu 2011. Nyengo yake yoyamba Metz inatsika kuchoka mu Ligue 2 kupita ligi yachitatu. Chimene chinamuonetsa ku dziko ndi jezi ya Senegal, pa Olympics ya ku London mu 2012, kumene anafika kotafainolo n'kugonja kwa Mexico m'nthawi yoonjezera. Salzburg inamugula mwezi womwewo pa mayuro 4 miliyoni.

Lero ku Bambali kuli chipatala ndi sukulu zimene anamanga ndi ndalama zake. Fainolo ya ku Kyiv isanachitike anatumiza majezi a Liverpool 300 kumudziko. Mu 2022 anali woyamba kulandira mphoto ya Sócrates chifukwa cha ntchito zimenezi.

Gunner_wa_Henry
Chemwali, zimenezo n'zabwino ndipo Mulungu amudalitse, koma chipatala sichilowa pa mkangano wa mpira. Tikayamba kuwerengera zachifundo ndiye Drogba ndi Kanu nawonso ali ndi zawo. Tiweruze za m'bwalo.

NaBanda_Teranga
Za m'bwalo zomwezo: mu Juni 2022 anachinya Benin zitatu n'kupitirira zigoli 29 za Henri Camara, ndipo kuyambira pamenepo palibe wachinyira Senegal zambiri kuposa iye. Wosewera m'mbali, osati nambala 9. Mahrez wanuyo, Algeria itatenga chikho mu 2019, inatuluka m'gulu kawiri motsatizana, 2022 ndi 2024, osapambana masewero ngakhale amodzi.

Gunner_wa_Henry
Senegal nayonso ku Ivory Coast inatuluka pa ndime ya matimu 16.

Wakumbali11
Inatuluka itapambana masewero onse atatu a m'gulu, ndipo inagonja pa mapenate kwa eni bwalo amene anatenga chikhocho. Chigoli cha Habib Diallo ku Yamoussoukro krosi inachokera kwa Mané, ndipo penate yake anachinya. Si zofanana.

Mnyamata_wa_Bayern
Nanga za ku Saudi mukuti bwanji? Ine ndimaona ngati pamenepo ndi pamene anavomera kuti za ku Ulaya zatha. Anali ndi zaka 31 zokha. Anafika n'kutenga chikho cha makalabu a Chiarabu ndi Ronaldo mu Ogasiti 2023, koma ligi Al-Hilal inawasiya kutali.

Madala_Kop
Zinandimvetsa chisoni, koma miyendo ya munthu amene wathamanga mpira wa Schmidt, wa Koeman ndi wa Klopp zaka 10 siingakhale yomweyo. Firmino, Henderson ndi Fabinho nawonso anapita komweko chaka chomwecho, Wijnaldum n'kuwatsatira. Mpira umene unatipatsa zikho unawadya anyamata amenewo. Nyengo ya 2021/22 yokha Liverpool inasewera masewero 63, Mané n'kuonjezapo AFCON yonse mpaka fainolo.

Kochi_wa_Ana
Apa ndi pamene pali funso lenileni kwa Pape Thiaw, amene anagwirizira timu ya Senegal Cissé atachoka mu Okutobala 2024, kapena aliyense amene adzapatsidwe timuyi. AFCON ya ku Morocco ikuyamba mu Disembala 2025, Mané adzakhala ndi zaka 33. Liwiro lothawa wotchinga kumbuyo pamzere latsika, aliyense amene waonera masewero awiri aja ndi Flames waona. Chimene chatsala ndi maso, kudziwa poima, ndi mpira woima ngati uja. Ine ndikanamuchotsa kumbali n'kumuika kumbuyo kwa Nicolas Jackson, m'mbali n'kusiyira Ismaïla Sarr ndi Iliman Ndiaye amene miyendo idakali yatsopano.

Mnyamata_wa_Bayern
Pakati ndi pamene anasowa ku Bayern, a Kochi.

Kochi_wa_Ana
Ku Bayern ankamuika kutsogolo kwenikweni, msana ataulozetsa kugolo, otchinga awiri atamupana. Ine ndikunena kumbuyo kwa womwetsa zigoli, pamene amalandira mpira nkhope itayang'ana kugolo, Jackson akukoka otchinga. Pape Matar Sarr ndi Lamine Camara angathe kumuthamangira pakati.

Wakumbali11
Ine ndingamusiye kumanzere komweko. Akayambira kumbali amakoka anthu awiri, ndipo mpata umatseguka kwa ena ngakhale iye asanakhudze mpira. Mukamulowetsa mkati, Ismail Jakobs atsala yekha mbali yonse ija, ndipo matimu ngati Morocco amene ali ndi Hakimi kumanja adzadutsa pomwepo. A Kochi, mungamuteteze bwanji Jakobs pa dongosolo lanulo?

Kochi_wa_Ana
Iliman Ndiaye ku Everton nyengo ya 2024/25 akusewera kumanzere komweko ndipo amabwerera kudzathandiza kumbuyo. Ndi Hakimi ndingamuuze kuti asapitirire pakati pa bwalo ngati Jakobs wakwera, ndipo Idrissa Gueye azitsamira mbali imeneyo. Mu Novembala 2024 ali ndi Burkina Faso ndi Burundi, malo apeza kale, ndiye Thiaw ali ndi mpata woyesa zimenezi popanda chotaya.